Yagwa Kapena Aigwetsa? Mbuzini, Harare ndi Mawu Oti Ngozi

Abale a chinenero chathu, kaya muli ku Kasungu, ku Chipata, ku Angónia kapena konkuno ku Harare, mundilole lero ndipatuke pang'ono pa mikangano yathu ya kalembedwe. Ndabwera ndi nkhani ya mbiri, ngakhale muona nokha kuti galamala yanditsatira ndithu.

Ife obadwira m'malokeshoni a Harare timakula ndi zinenero ziwiri pakamwa, ndipo pali mawu ena amene amamveka chimodzimodzi m'zinenero zonse ziwiri koma katundu wake ndi wosiyana. Amodzi mwa iwo ndi oti ngozi. M'Chichewa, ngozi ndi tsoka logwa mwadzidzidzi, lopanda mwini: galimoto yagubuduzika, bwato lamira, mwana wapsa ndi phala. M'Chishona mawuwa amathanso kutanthauza choopsa, koma tanthauzo limene Mshona amayamba kumva ndi lina. Kwa iye ngozi ndi mzimu wa munthu wophedwa, umene umabwerera kudzasautsa banja la womuphayo kufikira litalipa. Tsoka la pamsewu iwo amati tsaona. Ali ndi mwambi woti mushonga wengozi kuripa, ndiye kuti mankhwala a ngozi ndi kulipa basi. Motero Mchewa wa ku Mabvuku akanena kuti kwachitika ngozi, iye akuti palibe wolakwa, pamene mnansi wake kuseri kwa mpanda akhoza kumva kuti pali mwazi wofuna dipo.

Sindidziwa sabata ina imene matanthauzo awiriwa adawombana mutu monga sabata yoyamba pa 19 Okutobala 1986, tsiku limene ndege ya Pulezidenti Samora Machel idagwa ku Mbuzini.

Ine ndidali ndisanabadwe. Nkhaniyi ndidaimva kwa abambo anga, amene panthawiyo adali mnyamata wa ku sekondale, ndipo zotsalazo ndidakazipeza m'mabuku. Agogo aamuna adachoka ku Dedza cha m'ma 1950 pa malole a Ulere, aja ankanyamula ofuna ntchito kudutsa ku Tete ndi ku Mutoko mpaka ku Salisbury. Adagwira ukhukhi m'nyumba za azungu ku Highlands, napatsidwa nyumba ku Mabvuku, lokeshoni imene idakula ndi antchito a m'makomo a azungu a kum'mawa kwa mzindawu. Kumudzi adapitako kawiri kokha. Adali mtchona weniweni. Chiwongo chawo chidali Banda, ndipo mfundo imeneyi muisunge, tidzaifuna kutsogoloku.

Kuti timvetse za sabata imeneyo, tiyenera kudziwa chimene Samora adali kwa anthu a mu Harare. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, iye adatsekulira asilikali a ZANLA malire ake, ndipo mu 1976 adatseka malire ndi Rhodesia ngakhale adadziwa kuti madoko ndi njanji za dziko lake zitaya ndalama zambiri. Anthu a ku Mozambique adafa limodzi ndi a Zimbabwe pamene asilikali a Ian Smith ankaphulitsa misasa. Zimbabwe itamasuka mu 1980, msewu waukulu wa Jameson Avenue udasinthidwa dzina kukhala Samora Machel Avenue mwini dzina ali moyo. Pofika 1986 ana a m'malokeshoni ambiri adali asilikali ku Mozambique, kulondera njanji, msewu ndi paipi ya mafuta yochokera ku Beira kuti zigawenga za Renamo zisaphwanye. Kumayambiriro kwa Seputembala chaka chomwecho, Samora adali mu Harare ku msonkhano waukulu wa mayiko osakondera mbali, anthu namuona ndi maso. Sadali mtsogoleri wa dziko lachilendo ayi. Adali ngati malume.

Kumbali inayi kudali Kamuzu. Boma lake lidakhazikitsa ubale waukazembe ndi South Africa ya tsankho mu 1967, iye nakachezako mu 1971, ndipo ndalama za ku Pretoria zidathandiza kumanga likulu ku Lilongwe. Atsogoleri a Frelimo ankanena motsimikiza kuti Renamo ikugwiritsa ntchito dziko la Malawi ngati pobisalira pokaukira zigawo za Zambézia ndi Tete. Pa 11 Seputembala 1986, Samora, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda adapita ku Blantyre kukamuuza Kamuzu pamaso kuti zimenezi zithe. Kamuzu adakana kuti sakusunga zigawenga. Samora atabwerera ku Maputo adauza atolankhani kuti akhoza kutseka malire ndi kutchera mizinga moyang'ana Malawi. Patangopita masabata ochepa, nkhondo idakula koopsa m'maboma a m'malire, ndipo anthu zikwizikwi adathawira ku Nsanje, ku Mulanje, ku Dedza ndi ku Ntcheu. Kum'mwera nakonso kudali kutatentha: kumayambiriro kwa Okutobala bomba lokwirira lidavulaza asilikali a South Africa pafupi ndi malire a Mozambique, ndipo nduna ya zachitetezo, Magnus Malan, idaopseza Samora pomutchula dzina.

Ndege idanyamuka mumlengalenga wotere.

Lamulungu pa 19 Okutobala, Samora adapita ku Mbala, kumpoto kwa Zambia, kukakumana ndi Kaunda, José Eduardo dos Santos wa ku Angola ndi Mobutu wa ku Zaire. Cholinga chidali kupanikiza Mobutu kuti aleke kuthandiza UNITA, monga momwe adapanikizira Kamuzu mwezi wapitawo. Ndege yake idali Tupolev Tu-134, yoyendetsedwa ndi anthu a ku Soviet Union, ndipo mkulu wawo adali Yuri Novodran. Madzulo adanyamuka kubwerera kwawo, m'ndegemo muli anthu 44. Itangopitirira 9 koloko ya usiku, ndege ikutsika kale kulunjika ku Maputo, idakhota kumanja madigiri 37, pamalo pamene siidayenera kukhota. Mawu ojambulidwa m'chipinda cha oyendetsa amamveketsa kaputeni akudabwa ndi kukhotako, ndipo wolondolera njira akumuyankha kuti chipangizo cha VOR chikuloza komweko. Adapitiriza kutsika. Magetsi a mzinda sadawaone, ndipo adaganiza kuti ku Maputo magetsi azima, chinthu chimene sichidali chachilendo m'zaka za nkhondozo. Belu lochenjeza kuti nthaka yayandikira lidalira kwa masekondi 32, koma ndege siidakwezedwe. Nthawi ili 21:21 idawomba phiri la m'mapiri a Lebombo ku Mbuzini, pang'ono chabe kulowa m'dziko la South Africa, kufupi ndi pamene malire a dzikolo amakumana ndi a Mozambique ndi a Swaziland. Anthu 34 adafera pomwepo, wina nakamwalira kuchipatala, onse pamodzi 35. Pakati pawo padali nduna ya zamtengatenga Alcântara Santos, mlangizi wa pulezidenti Fernando Honwana, ndi katswiri wa mbiri Aquino de Bragança. Akuluakulu a ku Maputo adauzidwa za malo a ngoziyo kutacha.

Uthenga udafika ku Harare Lolemba. Lachiwiri pa 21 Okutobala achinyamata zikwi zingapo, ambiri a iwo ophunzira a pa University of Zimbabwe, adakhamukira pakati pa mzinda. Adaphwanya ndi kuyatsa moto maofesi a South African Airways, adagenda ofesi ya zamalonda ya South Africa ndi ya kazembe wa America, adamenya azungu ena amene adakumana nawo m'misewu. Koma sadalekere pomwepo. Ofesi ya Air Malawi nayo idaphwanyidwa, ndipo ya kazembe wa Malawi idagendedwa. Apolisi adabalalitsa anthu ndi utsi wokhetsa misozi. Kumayambiriro kwa Novembala zofananazo zidachitika ku Maputo, kumene ofesi ya kazembe wa Malawi idasakazidwa.

Taonani masiku ake. Lachiwiri limenelo maliro adali asanaikidwe, pakuti Samora adaikidwa pa 28 Okutobala. Mabokosi ojambula mawu ndi kayendedwe ka ndege adali asanatsekulidwe. Komiti yofufuza idali isanakhale pansi. Koma chigamulo chidali chitaperekedwa kale m'misewu ya Harare, ndipo m'chigamulomo mudali dzina la Malawi.

Abambo anga adali m'khamulo. Adajomba kusukulu ndi anzawo, nakwera basi ya ku tauni mitima ikuwawa. Samora ankamukonda monga mnyamata aliyense wa msinkhu wawo, ndipo chithunzi chake chodula m'nyuzipepala chidali pakhoma la chipinda chawo. Amati poyamba zonse zidali zomveka: mdani adali Botha, ndipo iwo ankafuula ndi mtima wonse. Kenaka mfuu idasintha. Anthu adayamba kufuula m'Chishona kuti pasi naBanda, pansi ndi Banda, ndipo wina pambali pawo adawonjezera mawu aja amene tonse obadwira kuno timawadziwa, oti Mabhurandaya, anthu a ku Blantyre. Anzawo a m'kalasi, amene ankadziwa dzina lawo la m'kaundula wa sukulu, adawayang'ana. Mmodzi adaseka. Abambo amati adafuula nawo dzina lawo lomwe, mokweza kuposa onse.

Atafika kunyumba madzulo, maso ali psuu ndi utsi, adapeza agogo atakhala pakhonde, wailesi ili pamiyendo.

"Unali kuti iwe?"

"Kutauni, Ababa."

"Ndamva kuti mwaphwanya kwa Air Malawi. Nanga ine ndikafa, mtembo wanga mudzautumiza pa chiyani?"

Kudali kunena chabe, pakuti khukhi wa ku Mabvuku sakadakwanitsa kukweza maliro pa ndege, ndipo agogo adagona konkuno ku manda a Mabvuku. Koma abambo sadayankhe. Mpaka lero ndikawafunsa ngati adaponyako mwala, amayamba kukamba za mitengo ya feteleza.

Ndinene zoona kuti ndisakuze nkhani: palibe amene adagenda nyumba yathu. Anansi athu Achishona adapitiriza kubwereka mchere monga mwa masiku onse. Chimene chidalowa m'nyumba ndi mantha okha. Agogo aakazi, Anaphiri, adalamula ana onse kuti sabata imeneyo asalankhule Chinyanja m'basi kapena pamzere wogula buledi. Sabata idatha, koma lamulolo silidachotsedwe, ndipo azakhali anga awiri aang'ono adakula akumva Chichewa koma osachilankhula. Anthu akamandifunsa mmene chinenero chimafera m'banja, ndimakumbukira zimenezi. Sikuti pamabwera lamulo la boma. Amangokhala mayi wamantha amene akufuna ana ake abwere kunyumba ali bwinobwino.

Kodi khamu lija lidalakwa? Za boma la Kamuzu, anyamatawo adali ndi zifukwa zomveka zolikwiyira. Chimene sadachione ndi chakuti Amalawi a m'malokeshoni sadali anthu a Kamuzu. Ambiri adachoka kwawo Kamuzu asanabwere n'komwe ku Nyasaland mu 1958, ena adathawa iye yemweyo. Zaka zitatu zokha m'mbuyomo, mu Malichi 1983, mtembo wa Attati Mpakati, mtsogoleri wa chipani chotsutsa cha LESOMA, udapezeka mu ngalande mu Harare momwemuno, munthu amene bomba la m'kalata lidamudula kale zala ku Maputo mu 1979. Amalawi a kuno ankalankhula za ndale za kwawo monong'ona, poopa kuti makutu a Kamuzu afika mpaka ku Mbare. Mwambi umati nkhuyu zodya mwana zidapota wamkulu. Apa zidatembenuka: nkhuyu adadya wamkulu ku Sanjika, m'mimba mudapota ana ku Mabvuku.

Tsono tibwerere ku phiri lija, tione zimene ofufuza adapeza.

Popeza ndege idagwera m'dziko la South Africa, malamulo a zandege adapatsa dzikolo udindo wotsogolera kafukufuku, mothandizana ndi Mozambique, mwini ndege, ndi Soviet Union, amene adaipanga. Apa ndiye padagona vuto lonse, pakuti woganiziridwa mlandu ndiye adakhala wofufuza. Ndipo boma la Pretoria lidachita zonse zoti anthu alikayikire. Apolisi ake adatola zikalata pamalo a ngozi. Mabokosi ojambula aja adawasunga kwa masabata angapo. Nduna ya zakunja, Pik Botha, idauza atolankhani kuti m'magazi a oyendetsa mudapezeka mowa, zimene kafukufuku wa dziko lake lomwe sadazipeze kuti zidachitapo kanthu. Mu Novembala nduna yomweyo idaonetsa chikalata chimene idati chidatoledwa m'ndegemo, chonena kuti Mozambique ndi Zimbabwe ankapangana zogwetsa boma la Kamuzu. Taganizani mmene nkhani imeneyo idamvekera m'makutu a Mmalawi wokhala mu Harare.

Komiti yotsogozedwa ndi jaji Cecil Margo idamva maumboni ku Johannesburg mu Januwale 1987. Mudali akatswiri a kunja, monga Frank Borman wa ku America, uja adazungulira mwezi mu Apollo 8, ndi Geoffrey Wilkinson amene adatsogolerapo ofufuza ngozi za ndege ku Britain. Chigamulo chawo chidaloza oyendetsa: sadatsate ndondomeko yotsikira, adapitiriza kutsika osaona pansi, ndipo adanyalanyaza belu lochenjeza.

Koma funso lenileni ndi la kukhota kuja, ndipo apa ndifotokoze pang'ono. VOR ndi chipangizo cha wailesi chimene chimakhala pansi, kawirikawiri pabwalo la ndege, chikuulutsa chizindikiro mbali zonse. Woyendetsa akatchera nambala yake, zipangizo za m'ndege zimamuonetsa njira yopita kumeneko. Cha ku Maputo nambala yake idali 112.7, cha ku Matsapha ku Swaziland 112.3. A Margo adati n'kutheka kuti oyendetsa adatchera cha ku Matsapha, ndege niikhota motsata chimenecho. Akatswiri a Soviet Union adakana. Iwo adati padali chipangizo china chonyenga, choulutsa pa nambala ya Maputo, chimene chidaikidwa dala kuti chikokere ndege kumapiri. A Margo adayankha kuti ndege ina ya kampani ya LAM, yochokera ku Beira usiku womwewo, inkalandira chizindikiro cha Maputo popanda chovuta. Boma la Mozambique silidavomere lipoti la Margo. Mu 1998 komiti ya choonadi ndi chiyanjano ya ku South Africa, ija ya Desmond Tutu, idamvanso nkhaniyi m'chipinda chotseka, Graça Machel naperekera umboni. Idalephera kugamula, koma idati mafunso ena, kuphatikizapo la chipangizo chonyenga, ngosayankhidwa ndipo afufuzidwenso. Boma la South Africa lidalonjeza kutsekulanso nkhaniyi mu 2006, ndipo mu 2012 apolisi a Hawks adati akuifufuza. Palibe munthu amene waimapo m'khoti.

Maganizo anga ndi awa, ndipo muli ndi ufulu wonditsutsa. Zolakwa za oyendetsa n'zolembedwa, zili m'mawu awo omwe, ndipo munthu woona mtima sangazifafanize. Ngakhale chipangizo chonyenga chikadakhalapo, masekondi 32 aja akadatha kupulumutsa ndege. Komanso boma limene lidapha Ruth First ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1982, limene lidasainira pangano la Nkomati mu 1984 kwinaku likudyetsabe Renamo, monga zidaululira zikalata zogwidwa ku Gorongosa mu 1985, silingadandaule kuti anthu akuliganizira zoipa. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi. Chovuta n'chakuti pakamwa pathu sipakonda kunyamula zonse ziwiri.

Apa ndiye pamene galamala ikulowera. Chichewa chili ndi njira ziwiri zonenera kuti chinthu chaonongeka. Tikhoza kunena kuti mbale yasweka, kapena kuti mbale yaswedwa. Akatswiri a chinenero chathu, monga Sam Mchombo, komanso Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango m'nkhani yawo ya mu 1996, adaonetsa kuti kusiyana kwa ziwirizi n'kozama. Mukati yaswedwa, mwasiya mpando wa munthu wochita: mukhoza kuwonjezera kuti yaswedwa ndi mwana, kapena yaswedwa mwadala. Mukati yasweka, mpandowo mwauchotsa. Yesani kunena kuti mbale yasweka mwadala, mumva nokha kuti lilime likukana. Ndi mmenenso zilili ndi ndege. Yagwa: palibe munthu. Yagwetsedwa, kapena aigwetsa: munthu alipo, ngakhale sitinamutchule, ndipo ka a- kam'mawu oti aigwetsa n'kochenjera kwambiri, kamaloza anthu popanda kuwatchula, aliyense womva n'kuikapo nkhope imene akufuna. Lipoti la ofufuza likhoza kulemba kuti chifukwa chake sichinatsimikizike. Munthu wofika pa siwa alibe mwayi umenewo. Mneni woyamba kutuluka pakamwa pake wagamula kale mlandu.

Ndipo Amalawi ali ndi chifukwa chokayikira mneni woyamba uja. Mu Meyi 1983 wailesi ya boma idalengeza kuti nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, zafa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Patapita zaka zoposa khumi, komiti ya jaji Mtegha idapeza kuti anthuwo adaphedwa ndi apolisi, galimoto n'kuikankhira kuphedi kuti zioneke ngati ngozi. Khoti lidamasula Kamuzu ndi John Tembo mu 1995, koma mawu oti ngozi adachoka pamenepo atapunduka. Chiyambire nthawi imeneyo, boma likanena ngozi m'Chichewa, anthu amamva ngozi ya m'Chishona. A ku Zambia ali ndi Ndola, kumene Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, adafera m'ndege mu Seputembala 1961. Komiti ya boma la chitaganya, lolamulidwa kuchokera ku Salisbury, idati adalakwitsa ndi oyendetsa, niinyoza umboni wa Aafirika ootcha makala amene adati adaona ndege yachiwiri mumlengalenga. Nkhani imeneyo United Nations ikuifufuzabe. Anzathu a kuno nawo sadaleke kufunsa za galimoto ya Josiah Tongogara ya mu Disembala 1979. Mlandu suola.

Chimene chimandikhudza n'chakuti maboma adagwirizana msanga. Mu Disembala 1986, miyezi iwiri yokha Samora ataikidwa, Malawi ndi Mozambique adasainirana pangano la chitetezo, ndipo chaka chotsatira asilikali a Malawi adapita kukalondera njanji ya Nacala, ena nafera komweko akumenyana ndi Renamo yomweyo. Malawi idasunga othawa nkhondo a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Akuluakulu adagwirana chanza. Mawu aja a m'misewu ndiwo adatsala, akudikira tsiku lina. Mu 2000 Mugabe adanyoza anthu a ku Mbare kuti ndi opanda mitupo, ndiye kuti opanda ziwongo, ngati kuti Phiri, Banda, Mbewe ndi Mwale ndi mayina otola panjira. Lamulo la unzika la 2001 lidasandutsa abambo anga, obadwira m'chipatala cha mu Harare, kukhala mlendo pa chitupa chawo. Zidatengera malamulo aakulu a dziko a 2013 kuti ana a anthu ochokera m'mayiko a SADC abwezeredwe unzika, ndi kuti Chichewa chilembedwe pakati pa zinenero 16 zovomerezeka m'dziko muno. Sindikunena kuti zonsezi zidabadwa pa 21 Okutobala 1986. Mawu oti Mabhurandaya ngakale kuposa pamenepo. Koma tsiku limenelo abambo anga adaphunzira kuti mawuwo ali pafupi motani.

Ku Mbuzini lero kuli chipilala chimene Nelson Mandela ndi Joaquim Chissano adatsekulira mu Januwale 1999. Adachikonza ndi José Forjaz wa ku Mozambique: mapaipi achitsulo 35 oimikidwa paphiri, limodzi pa munthu aliyense, obooledwa mwakuti mphepo ikawomba amalira.

Nkhani yonseyi idandibwerera pa 10 Juni 2024. Tsikulo ndege yaing'ono ya asilikali a Malawi, Dornier 228, idanyamuka ku Lilongwe itatenga wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, kupita ku Mzuzu kuti akafike ku maliro a Ralph Kasambara. Idalephera kutera chifukwa cha nyengo yoipa, niisowa. Mawa lake idapezeka itaphwanyika m'nkhalango ya Chikangawa, onse atafa, kuphatikizapo Shanil Dzimbiri amene adali mayi wa fuko. Usiku umene ndege inkafunidwa, mafoni a ku Mabvuku, ku Tafara, ku Mufakose ndi ku Dzivarasekwa sadagone. Pa WhatsApp ya kumpingo kwathu, mitembo isanapezeke n'komwe, mneni adali atasankhidwa kale: aigwetsa. Ndidaona zidzukulu za anthu aja adauzidwa kuti asalankhule Chinyanja m'basi zikutchula mayina a anthu, kenaka a zigawo, kenaka a mitundu. Ineyo ndidatumizako uthenga umodzi wotere kwa msuweni wanga ndisanaganize. Ndilibe mwala woponyera anyamata a 1986.

Ku Chikangawa nako kudabwera ofufuza. Komiti ya jaji Jabbar Alide idanena mu Disembala 2024 kuti siidapeze umboni wa chiwembu. Akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany adaloza nyengo yoipa ndi kuuluka motsika m'dera la mapiri. Ambiri sadakhutire, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Koma m'malipoti a Ajeremani muli mfundo zimene zidandikhalitsa chete kuposa mphekesera zonse. Ndegeyo idalibe chojambulira mawu a oyendetsa kapena kayendedwe kake. Zokambirana za pa wailesi pakati pa ndege ndi bwalo sizidajambulidwe. Ndipo kachipangizo koitana opulumutsa ndege ikagwa kadali ndi batire limene lidatha ntchito mu 2004.

Batire limenelo silidagwetse ndege. Koma limaloza mneni wachitatu, amene sakhala bwino pa yagwa kapena pa aigwetsa, ndiye woti kulekerera. Mneni ameneyu ali ndi anthu ochita, koma ngambiri, ndipo adamwazikana m'zaka makumi awiri: wina sadasaine, wina sadafunse, wina adati tidzaona chaka chamawa. Palibe ofesi imodzi yoti khamu likaigende. Ku Mbuzini nakonso mneniyu adaliko, m'magetsi a mzinda amene ankazima kawirikawiri mpaka oyendetsa kuona mdima wa phiri n'kuuyesa Maputo.

Lipoti loyamba la Ajeremani litatuluka, abambo adandipempha kuti ndiwawerengere ndi kuwamasulira m'Chichewa. Chingerezi amachidziwa bwino, koma adati nkhani ya maliro imamveka m'chinenero cha kwanu. Tidakhala pakhonde lomwe lija la agogo. Ndidavutika ndi mawu a zipangizo, ndipo pena ndinkangofotokoza ntchito yake. Nditafika pa batire adandiimitsa.

"Wati chaka chanji?"

"2004, Ababa."

Adawerenga pa zala. Kenaka adandifunsa ngati msuweni wanga uja ndidamutumiziranso zimenezi, monga ndidamutumizira zoyamba zija. Ndidati ayi. Adati ndimutumizire pompo iwo akuona, ndipo ndilembe m'Chichewa.